Abwana akuti maimelo anga ndi aatali: kodi Chingerezi cha ku ntchito chimalembedwa bwanji?

Nthambi_Yatsopano
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Ndangoyamba kumene ntchito pa kampani ina yotumiza katundu kunja, ndipo ambiri amene ndimalemberana nawo ali m'mayiko ena. Galamala sindivutika nayo. Koma abwana anandiitana n'kundiuza kuti maimelo anga ndi aatali, akuti munthu amawerenga mpaka pansi asanadziwe chimene ndikufuna. Ine ndimayamba ndi moni, kenako ndimafotokoza mmene nkhani inayambira, pempho limabwera kumapeto. Ndimaona kuti umenewo ndiye ulemu. Iwo akamalemba amangoti "Noted" kapena "Please send by COB", basi. Mawu ena sindiwamva n'komwe: "let's take this offline", "circle back", "loop in". Ndine mtsikana wamng'ono pa onse muofesimo ndipo sindifuna kuoneka wamwano. Ndithandizeni mawu amene mumagwiritsa ntchito popempha, pokumbutsa munthu amene sakuyankha, makamaka pokana ntchito imene simungaikwanitse.

Chiphaliwali
Ndiyambe ndi amene mwati simukuwamvawo, achemwali. COB ndi "close of business", nthawi yowerukira. Ena amalemba EOD, "end of day". "Let's take this offline" amanena pamsonkhano, kutanthauza kuti nkhaniyi isachedwetse anthu onse, tikambirane awiri tikatuluka. Sizikukhudza intaneti ayi. "Circle back" ndiye kuti tidzabwereranso ku nkhaniyi nthawi ina. "Loop in" ndi kulowetsa munthu wina m'nkhani, kawirikawiri pomuwonjezera pa imelo. Mudzamvanso "touch base", kulankhulana mwachidule kuti aliyense adziwe pamene zinthu zafika, ndi "ballpark figure", nambala yongoyerekeza. Awiri omalizawa anachokera ku masewera a baseball a ku America, n'chifukwa chake munthu amene sadziwa masewerawo sangawamve pongoganizira. Muziwamva akanenedwa, koma inuyo musawathamangire polemba.

MlembiWakale
Mwana wanga, abwana anu sananene kuti simudziwa Chingerezi. Akudandaula za kasanjidwe ka kalata. Kusukulu tinaphunzira kuyamba ndi malonje, kenako thunthu la nkhani, pempho kumapeto. Ku ntchito mumatembenuza. Munthu amene mukumulemberayo ali ndi maimelo ambirimbiri, mwina akuwerenga pa foni akuchoka pamsonkhano wina kupita pa wina. Akaona kuti mizere yoyambirira sikunena chimene mukufuna, amati ndiwerenga bwino madzulo, madzulowo n'kupezanso zina zamuunjikira.

Asilikali a ku America kalembedwe kameneka anakapatsa dzina lakuti BLUF, "bottom line up front", mfundo yaikulu ikhale pamwamba. Chiganizo choyamba kapena chachiwiri chinene chimene mukufuna, amene achite, ndi nthawi imene chikufunika. Mwachitsanzo: "Good morning. Could you send me the signed delivery note for order 214 by 3 pm on Thursday? We need it before we can release the payment. Thank you." Taonani, moni alimo, "could you" alimo, chifukwa chake chilimo, kuthokoza kulimo. Ulemu sunachokemo. Mbiri ya nkhaniyo, ngati ikufunika, iikeni pansi pa pempho kuti woifuna aiwerenge.

Mutu wa imelo nawonso muziusamala. Osalemba "Hello" kapena "Request". Lembani "Order 214: signed delivery note needed by Thursday". Munthu asanatsegule adziwe kale kuti pali ntchito yake.

Ulemu_Patsogolo
Amayi MlembiWakale, ndikugwirizana nanu pa kasanjidwe, koma "Noted" yekha ine sindimuvomereza. Munthu wakhala pansi, walemba lipoti lonse, yankho n'kukhala liwu limodzi? Zimawawa. Ndipo "Noted" sanena chilichonse. Kodi wavomera? Wakana? Wangoona? Abwanawo nawonso ali ndi zoti aphunzire. "Thanks, I'll review it and reply by Monday" ndi mawu ochepa chabe koma wolandira amadziwa podikira.

Chiphaliwali
Pamenepo ndiye zoona. "Noted" wochokera kwa wamng'ono kupita kwa bwana amamveka ngati munthu wakwiya koma akudziletsa.

Kachere77
Ine ndimangowonjezera "kindly" paliponse. "Kindly send", "kindly revert", "kindly do the needful". Palibe anadandaulapo.

Dzuwa_Lawala
Achimwene Kachere77, zimadalira amene mukulemberana naye. "Do the needful" ndi wofala kwambiri ku India ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo kumeneko palibe chachilendo. Koma wa ku London kapena New York amamumva ngati Chingerezi cha makalata a kalekale, komanso sadziwa kuti "needful" ameneyo n'chiyani kwenikweni. Vuto lake lalikulu n'lomwelo: mwamusiyira munthu kuti aganize yekha chimene mukufuna. "Revert" naye m'mayiko angapo amatanthauza kuyankha, koma kwa Mngerezi ndi Mmerika tanthauzo lake ndi kubwezera chinthu mmene chinalili kale. Ndiye mukalembera munthu wa makompyuta kuti "please revert on the new file", akhoza kuchotsa zimene mwasintha n'kubwezeretsa fayilo yakale. "Please reply" sasocheretsa aliyense. Ndipo "kindly" akachuluka, kwa ena amamveka ngati lamulo lovekedwa ulemu.

Kachere77
Nanga n'chifukwa chiyani cha ku London chikhale muyeso? Anthu amene Chingerezi anachita kuchiphunzira ndi ambiri kuposa amene anabadwa nacho. Makasitomala anga ambiri ali ku Mumbai ndi ku Dubai. Iwowo ndi amene amayamba kulemba "revert".

Dzuwa_Lawala
Sindikuti cha ku London ndiye cholondola. Kwa makasitomala anuwo pitirizani, mukumvana. Ndikunena za liwu limene limamveka chimodzimodzi ku Mumbai, ku London ndi ku Shanghai. Angerezi eni akewo nthawi zambiri ndi amene amavuta kumva pamisonkhano ya anthu a mayiko osiyanasiyana, chifukwa cha zining'a zawo. Mfalansa wina, Jean-Paul Nerrière, amene anali mkulu ku kampani ya makompyuta ya IBM, anaona kuti anthu amene Chingerezi si chawo amamvana bwino okhaokha kusiyana ndi akamalankhula ndi eni chinenero. Anasonkhanitsa mawu 1500 n'kuwatcha Globish, kuti akwanire pa zamalonda. Kaya munthu agwirizane ndi mndandanda wakewo kaya ayi, chimene anaonacho aliyense amene wakhalapo pamisonkhano yotereyi amachidziwa.

WaAkaunti
Mundilole ndilowetse nkhani ya madeti, chifukwa pamenepa pamatayika ndalama zenizeni. Tinali ndi kasitomala wina wa ku America amene analemba kuti katundu afike pa 04/05. Anzathu muofesi anawerenga kuti 4 May. Iye ankanena April 5, chifukwa Amerika amayamba ndi mwezi, pomwe Angerezi ndi ena ambiri amayamba ndi tsiku. Katundu anachedwa mwezi wathunthu ndipo mkangano wake unali waukulu. Achemwali Nthambi, popeza muli kotumiza katundu, mwezi muziulemba m'mawu: "5 April". Mukamalemba m'matebulo kapena m'mayina a mafayilo, tsatirani ISO 8601: chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-04-05.

COB nayenso ngwachinyengo mukamalemberana ndi akunja. Kuweruka kwa ndani, kwanu kapena kwawo? Lembani ola ndi dera lake: "by 5 pm London time". "ASAP" musamugwiritse ntchito ngati muli ndi tsiku lenileni m'maganizo, chifukwa kwa wina "mwamsanga" ndi lero, kwa wina ndi sabata yamawa. "Biweekly" akhoza kutanthauza kawiri pa sabata kapena kamodzi pa masabata awiri, ndipo madikishonale amavomereza zonse ziwiri. Lembani "every two weeks" kapena "twice a week". "Next Friday" akanenedwa Lachitatu, funsani deti.

Tsamba_la_Mwayi
Onjezerani "table". Mngerezi akati "let's table this" akuti tiike nkhaniyi pamsonkhano tikambirane. Mmerika akanena mawu omwewo akuti tiisiye kaye. Mutha kukangana pomwe nonse mukufuna chinthu chimodzi.

Nthambi_Yatsopano
Zikomo kwambiri nonse, ndikulemba m'kabuku. Koma za kukana zija palibe wayankhapo. Panopa anthu atatu andipatsa ntchito, aliyense akuti yake ndi yachangu, ndipo onse ndi akuluakulu kwa ine.

MayiWaHR
Achemwali, apa ndiyankha motalikirapo chifukwa ndi pamene achinyamata ambiri amagwera. Amaopa kunena ayi, ndiye amati "I'll try" kapena "OK, no problem", mumtima akudziwa kuti sizitheka. Bwana amamva kuti mwavomera, n'kukalonjeza kasitomala. Lachisanu likafika ntchito isanathe, mlandu umakula kuposa mukanakana Lolemba. Kukana msanga kumapatsa bwana mpata wopeza njira ina. Kukana mochedwa kumamulanda mpata umenewo.

Njira yake ndi kusasiya munthu chimanjamanja. Nenani chimene simungathe, nthawi yomweyo n'kunena chimene mungathe. "I can't finish it by Friday, but I can have it ready by Tuesday morning." Kapena "I can send you the figures today and the full report on Monday. Would that work?" Funso lakumapetolo ndi lofunika, chifukwa likusiya chigamulo m'manja mwake.

Pa vuto lanu la anthu atatu, si inu woyenera kusankha kuti wamkulu ndani. Pitani kwa bwana amene amakuyang'anirani mwachindunji: "I have three urgent requests today: the customs forms, the client report and the stock list. I can finish two. Which should come first?" Apa simunakane chilichonse. Mwaonetsa kuti mukudziwa ntchito zanu ndi nthawi imene zimatenga, ndipo amene ali ndi udindo wosankha wasankha. Wachitatuyo mumuuze kuti "My manager has asked me to do the customs forms first. I can start on yours tomorrow at 9."

Ngati ntchitoyo si ya gawo lanu: "That's handled by the finance team. I'll forward your message to them now." Osangoti "it's not my job", ngakhale zili zoona.

Ngati simukugwirizana ndi maganizo a bwana: "I see the reason for that. My concern is the delivery time. Could we check with the shipper first?" Tchulani chinthu chimene chikukudetsani nkhawa, osati munthuyo.

Ndatopa_Nazo
Amayi, zimenezi n'zosavuta kwa inu amene muli ndi mpando. Munthu akadali pa nthawi yoyesedwa auze bwana kuti "I can finish two"? Mabwana ena amangoyankha kuti "find a way". Mawu okongola sathetsa vuto la ofesi imene yalemba anthu awiri pa ntchito ya anthu asanu.

MayiWaHR
Simukunama, achimwene. Mawu sasintha bwana woipa ndipo salemba anthu owonjezera. Koma ngakhale kwa bwana wotereyo, imelo imene munanena Lolemba kuti nthawi sikwana imakhalapobe. Tsiku limene adzafunse kuti bwanji simunanene, mudzakhala ndi choonetsa. Amene anangoti "OK" alibe. Ndakhalapo pa milandu yambiri ya ogwira ntchito, ndipo amene amavutika kuwateteza ndi aja anavomera chilichonse pakamwa osalemba kalikonse.

Ndatopa_Nazo
Pa zolemba ndavomera. Koma tisamanamize ana kuti chiganizo chabwino chimatsegula khomo lililonse.

Tsamba_la_Mwayi
Palinso mbali ina, kumva pamene iwowo akukukanirani. Ndagwirapo ntchito ndi Angerezi, ambiri sakonda kunena "no" poyera. "That's an interesting idea" nthawi zambiri si kuyamikira. "I'll bear it in mind" kawirikawiri ndiye kuti nkhaniyo yathera pomwepo. "With respect" kapena "with all due respect" ndi chenjezo lakuti kutsutsa kukubwera. "I just have a few minor comments" akhoza kukhala masamba awiri a zoti mukonze. "Quite good" kwa Mngerezi ndi "zili bwinoko", pomwe kwa Mmerika ndi "zili bwino kwambiri". Si onse, anthu amasiyana, koma mukamva mawu amenewa musathamange kukayamba ntchito. Funsani: "Would you like me to go ahead with it, or leave it for now?" Safunsa anadya phula.

Dzuwa_Lawala
Adatchi ndi Ajeremani ambiri ndiye amachita zosiyana. Amakuuzani "this is wrong" pamaso pa onse, mawa n'kukupatsani moni wansangala. Musadzaganize kuti akudana nanu.

Kachere77
Nanga pokumbutsa? Ine ndikatumiza kawiri osayankhidwa ndimalemba "As per my last email" n'kuika bwana wake pa CC, kuti naye alandire kope la imeloyo.

MlembiWakale
Ayi achimwene, pamenepo mwaputa nkhondo. "Per my last email" masiku ano aliyense amamumva kuti "kodi suwerenga?" Ndipo kuika bwana wa munthu pa CC mosamuchenjeza n'kumuneneza. Tsiku lina mudzafuna thandizo kwa munthu yemweyo.

Chikumbutso choyamba chikhale chopepuka ndipo chibwereze pempho lonse, kuti asachite kufunafuna imelo yakale: "I'm following up on my email of 12 May about the delivery note. Could you send it by Wednesday?" Chachiwiri chinene chimene chichitike akapanda kuyankha: "If we don't receive it by Wednesday, the payment will move to next month." Kumeneko si kuopseza, ndi kumuuza zoona. Zikakanikabe, imbani foni. Anthu ambiri sayankha chifukwa imelo inakwiririka, kapena ali patchuthi, kapena sakudziwa yankho ndipo akuchita manyazi. Mukaona kuti bwana wake ayenera kudziwa, nenani poyera: "I'm copying your manager because the deadline is tomorrow and we may need her approval."

Poti mwatchula CC, achinyamata ambiri sadziwa kumene anachokera. Ndi "carbon copy". Pa makina otayipira tinkaika pepala la kaboni pakati pa mapepala awiri kuti kalata ituluke kawiri, ndipo pansi tinkalemba mayina a onse olandira kope. Mapepala ankakwana ochepa, ndiye munthu unkaganiza kaye kuti ndani akufunikadi kuona kalatayi. Lero ndi batani chabe, ndiye anthu amakopera ofesi yonse. Lamulo lake silinasinthe: amene ali pa "To" ndi woti achitepo kanthu, amene ali pa CC ndi woti angodziwa.

Mphepo_ya_Kummawa
Ine ndimagwira ntchito pabwalo la ndege, ndipo kwathu nkhani ya mawu si ya ulemu chabe. Pa 27 March 1977, pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pamsewu wonyamukira kuli chifunga. Anafa anthu 583. Zifukwa zinali zingapo, koma chimodzi chinali mawu. Oyendetsa ndege ya KLM ankakhulupirira kuti aloledwa kunyamuka. Woyang'anira pansanja anayankha "OK", n'kupitiriza kuti adikire, koma mawu otsatirawo anasokonezeka pa wailesi chifukwa a Pan Am analankhula nthawi yomweyo. Chichitikireni ngoziyo, liwu lakuti "takeoff" limanenedwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka. Nthawi zina zonse amati "departure". Ndipo woyendetsa ndege amabwereza malangizo amene wapatsidwa kuti wapansanja amve ngati zamveka bwino.

Ndatopa_Nazo
Bambo, tachoka pa maimelo tafika pa ngozi za ndege. Muofesi simufa munthu chifukwa cha "OK".

Mphepo_ya_Kummawa
Safa, koma chizolowezi chobwerezacho chitengeni. Msonkhano ukatha kapena mukamaliza kulankhula pa foni, tumizani mizere iwiri: "To confirm what we agreed: I will send the quotation by 10 June, and you will confirm the quantity by 12 June." Ngati wina anamva zosiyana, aonekera pomwepo zinthu zisanawonongeke. Pa manambala chimodzimodzi. "Fifteen" ndi "fifty" pa foni amamveka ngati amodzi. Funsani kuti "Is that one five or five zero?"

Nthambi_Yatsopano
Za pa foni zimenezi zandikhudza. Pamisonkhano ya pa Zoom ndimangokhala chete. Anthu amalankhula mothamanga, ndikamakonza chiganizo m'mutu nkhani yapita kale. Nthawi zina sindimva koma ndimagwedeza mutu.

Chiphaliwali
Sungani ziganizo zochepa zoti zizituluka zokha osaganiza. Polowa m'nkhani: "Can I add something here?" kapena "Before we move on, I have one question." Mukapanda kumva, musangoti "pardon", chifukwa munthu amabwereza zonse pa liwiro lomwelo. Tchulani chimene chakudutsani: "Sorry, I missed the date. Could you repeat it?" Pofuna kutsimikiza: "So you need the samples before the order, is that right?" Mukafunsidwa chimene simukudziwa: "I don't have that figure with me. I'll check and send it by 2 pm." Yankho limeneli limalemekezeka kuposa kungotchula nambala yongoganiza. Wina akakudulani mawu: "Let me just finish this point." Ndipo mudzadabwa, mukafunsa inu, ena awiri atatu amapuma, chifukwa nawonso sanamve.

Ulemu_Patsogolo
Chinanso, achemwali, onani mndandanda wa zokambirana msonkhano usanayambe, mukonzeretu mfundo imodzi yoti munene. Mukalankhula kamodzi koyambirira, mantha amachepa.

Kamnyamata_ka_IT
Akuluakulu, bwanji mukuvutika chonchi? Lembani zimene mukufuna mu ChatGPT, akukonzerani imelo yabwino m'kanthawi kochepa.

WaAkaunti
Iwe, mitengo ya kampani, mayina a makasitomala ndi manambala a akaunti uzikaziika mumakina a eni ake? Makampani ambiri amaletsa zimenezo. Yamba wafunsa malamulo a pantchito pako.

Kamnyamata_ka_IT
Mayina ndi manambala mumachotsa kaye, bambo. Komanso makampani ena ali ndi zida zawo zovomerezeka.

Dzuwa_Lawala
Kukonzetsa galamala sindikutsutsa. Koma makinawo ukangowasiya amatulutsa matenda omwe abwana a achemwaliwa akudandaula: "I hope this email finds you well", ndime zitatu zosalala, pempho lobisika pakati. Ndipo pamsonkhano kapena kasitomala akaimba foni atakwiya, simungamuuze kuti adikire mufunse kaye kompyuta. Munthu ayenera kudziwa yekha kunena chimene akufuna. Makina athandize pambuyo.

Bambo_a_Malamulo
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna kuikira kumbuyo mawu akuluakulu pang'ono. "Please be advised", "herewith", "we hereby", "at your earliest convenience" amapatsa kalata ulemerero. Kalata ya kampani isamamveke ngati uthenga wa pa WhatsApp.

MlembiWakale
Bambo, mawu amenewo ndinawatayipa kwa zaka zambiri, ndikuwadziwa kukoma kwake. Koma eni chinenerowo akhala akuwathawa kwa nthawi yaitali. Mu 1979 mayi wina wa ku Britain, Chrissie Maher, anang'amba mafomu a boma poyera pa Parliament Square ku London chifukwa anthu wamba sankawamva, ndipo pamenepo panayambira bungwe la Plain English Campaign. Ku America, mu 2010, Barack Obama anasayina lamulo la Plain Writing Act, lolamula nthambi za boma kulembera anthu m'mawu omveka. "Please find attached herewith" ndi "I've attached" akunena chinthu chimodzi. "At your earliest convenience" alibe deti, ndiye munthu amachita akafuna. Ulemerero wa kalata uli pa kulondola kwake: dzina lalembedwa bwino, manambala ndi oona, chimene mwati mwaphatikiza mwaphatikizadi.

Bambo_a_Malamulo
Pa maimelo a tsiku ndi tsiku ndikuvomera. Pa mapangano ayi. Mawu ena amaoneka akale koma makhoti anawatanthauzira kale, ndipo ukawasintha kuti amveke bwino umatha kusintha udindo wa munthu. Achemwali Nthambi, inu muli kotumiza katundu, mudzakumana ndi FOB, CIF, EXW ndi ena otero. Amenewa ndi Incoterms, malamulo ogawa udindo pakati pa wogulitsa ndi wogula, a bungwe la zamalonda la International Chamber of Commerce, amene anayamba kutuluka mu 1936, ndipo anakonzedwanso mu 2020. Musawafewetse ndipo musawalembe mwachizolowezi. Pa FOB, wogulitsa udindo wake umatha katundu akakwera sitima padoko limene latchulidwa. Pa CIF, wogulitsa amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka doko lofikira, koma katundu akawonongeka panyanja tsoka limakhala la wogula, chifukwa udindo unasamuka pokweza paja. Ambiri amasokoneza pamenepa. Nthawi zonse lembani doko ndi chaka cha malamulowo: "CIF Rotterdam, Incoterms 2020". Komanso musalembe "we agree" kapena "we accept" kwa kasitomala ngati mulibe mphamvu yovomereza. Lembani "I'll pass this to my manager for approval."

MayiWaHR
Chomalizachi n'chofunika kwambiri kwa ongoyamba kumene. Imelo imatha kumanga kampani.

Ulemu_Patsogolo
Nanga kupepesa? Ndinawerenga kwinakwake kuti osamati "sorry for the delay", tizinena "thank you for your patience". Ine zimandivuta. Munthu wamuchedwetsa, m'malo momupepesa ukumuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kumene sanasankhe.

Chiphaliwali
Zimathandiza kwa anthu amene amapepesa pa chilichonse, ngakhale pofunsa funso. "Sorry to bother you" pa imelo iliyonse amakuchepetsani, chifukwa kupempha chinthu cha ntchito si kuvutitsa munthu. Koma pamene mwalakwitsadi, pepesani kamodzi, momveka, n'kunena chimene mwakonza: "I'm sorry, the invoice I sent had the wrong quantity. The corrected one is attached." Osati ndime yonse ya kudzimvera chisoni, komanso osati "mistakes were made" ngati kuti zinadzichitikira zokha.

Ndatopa_Nazo
Ndipo ngati cholakwa si chanu, musachisenze. "I'm sorry this happened, let me find out why" ndi wosiyana ndi "it was my fault".

Nthambi_Yatsopano
Funso lina laling'ono. Mawa ndiyenera kulembera kasitomala watsopano, mayi wa ku Britain, sindinalankhulepo naye. Dzina lake ndili nalo koma sindikudziwa ngati ali pabanja. Ndilembe Mrs kapena Miss? Ndipo potseka ndi "Yours faithfully" kapena "Yours sincerely"?

MlembiWakale
Lembani "Dear Ms" ndi dzina la bambo ake kapena la banja, lija lomaliza. "Ms" safunsa za ukwati, ndipo pa zamalonda ndiye woyenera pokhapokha mwini wake atadzilemba yekha kuti Mrs, Dr kapena Prof. Osaphatikiza "Ms" ndi dzina loyamba lokha. Ngati dzina silikukuuzani kuti ndi mwamuna kapena mkazi, lembani "Dear" ndi mayina onse awiri. "Dear Sir" kwa munthu amene simukumudziwa musiyeni, mwina wowerengayo ndi mayi.

Potseka, mwambo wa makalata a ku Britain ndi wakuti mukayamba ndi dzina mumatseka ndi "Yours sincerely", mukayamba ndi "Dear Sir or Madam" mumatseka ndi "Yours faithfully". Amerika amangoti "Sincerely". Koma zimenezi ndi za kalata yeniyeni. Pa imelo "Kind regards" akukwana. Akakuyankhani, onani mmene wadzisayinira. Ngati waika dzina lake loyamba lokha, imelo yotsatira mukhoza kumutchula ndi dzina limenelo. Ndipo musanatumize, yerekezani kalembedwe ka dzina lake ndi mmene lalembedwera pa imelo yake kapena pa tsamba la kampani yawo, chilembo ndi chilembo.